Denga lathu la ku Texas ndi kalata ya komiti

Kumpoto kwa Dallas kuno denga silifika pokalamba lokha, amalipha ndi matalala. Kuyambira Malichi mpaka Juni kumwamba kumatha kuda bii masanasana, mafoni n'kuyamba kulira ndi chenjezo, kenako n'kugwa matalala omwe a zanyengo amayerekeza kukula kwake ndi mpira wa gofu. Madenga ambiri kuno si a malata. Amakhoma matabwa ophwatalala, pamwamba pake n'kuyala pepala loletsa madzi, kenako n'kukhomerera ma shingle, timapepala tolimba ta phula tokutidwa ndi timiyala ting'onoting'ono. Matalala akamenya, timiyala tija timasosoka, phula limatsala poyera, dzuwa n'kudzamaliza ntchito. Denga lotere silidontha tsiku lomwelo. Limadzayamba patapita miyezi, mwini wake ataiwala kale za mvula ija.

Nyumba yathu ili m'dera la HOA, bungwe la eni nyumba. Wogula nyumba m'dera lotere amakhala membala afune asafune, chifukwa malamulo a bungwe anamangiriridwa ku malowo ndipo analembetsedwa ku ofesi ya county, yomwe ili ngati ofesi ya boma kwathu. Chilichonse chooneka kunja, kaya ndi penti, mpanda, kashedi kapena denga, chimayamba chadutsa ku komiti yoona za maonekedwe a nyumba. Achimwene anga ku Kasungu nditawafotokozera pa foni anati: "Achemwali, ngongole ya nyumbayo mukubweza nokha, ndiye wina azikusankhirani mtundu wa denga?" Funso lawo ndi lomveka. Kwathu ukapeza ndalama umakagula malata omwe wakonda, ofiira kaya obiriwira, kalipentala n'kukwera. Koma kuno tinasainira tokha malamulowa tsiku logula nyumba, ali m'kati mwa mulu wa mapepala omwe ambirife sitiwerenga.

Ndikulemba izi chifukwa anzathu ambiri ochokera kumudzi ayamba kugula nyumba kuno, ndipo ndimaona zinthu ziwiri zomwe zimatidyera ndalama. Ena amangokhoma denga osapempha chilolezo. Ena komiti ikangoti ayi amagonja pomwepo, ngakhale lamulo lili mbali yawo.

Matalala atatigwera mu Epulo, m'mawa mwake msewu wathu unadzaza ndi mapikapu a anthu ofolera nyumba, akugogoda khomo ndi khomo. Boma la Texas silipereka laisensi kwa ofolera. Wamagetsi ndi wamapaipi amafunika laisensi, koma wa denga ayi, choncho aliyense wokhala ndi makwerero akhoza kudzitcha kontrakitala. Bungwe lawo, Roofing Contractors Association of Texas, lili ndi chiphaso chake, koma amatenga ofuna okha. Mnyamata wina waulemu wake anatiuza zinthu ziwiri zokoma m'khutu. Choyamba anati deductible, gawo lathu lolipira pa inshuwalansi, tisaiganizire, aimeza iwo. Chachiwiri anati za HOA tizisiye, palibe amayang'ana m'mwamba, akhoza kukhoma Loweruka lomwelo. Bambo akunyumba anamuthokoza n'kutseka chitseko.

Deductible ndi gawo lomwe mwini nyumba amalipira yekha inshuwalansi isanaikepo zake. Pa matalala ndi mphepo, makampani ambiri amaiwerengera pa peresenti ya mtengo womwe nyumba inalembetsedwa. Nyumba ya $400,000 yokhala ndi 2 peresenti, ndiye kuti $8,000 ichoka m'thumba mwako. Ndi ndalama zowawa, makamaka kwa ife amene mwezi ndi mwezi timatumizanso kumudzi. Koma kuyambira pa 1 Seputembala 2019, lamulo lomwe linadutsa ngati House Bill 2102 linanena poyera kuti ndi mlandu kontrakitala kukhululukira kapena kubisa deductible, ndipo kampani ya inshuwalansi ikhoza kufuna umboni woti unalipiradi. Za HOA nazonso, kontrakitala akalandira cheke chake amapita. Kalata ya chindapusa imabwera m'dzina lako, ndipo bungwe likhoza kufuna kuti denga losavomerezeka lisasulidwe.

Woyeza zowonongeka wa ku inshuwalansi anabwera ndi choko m'thumba. Mbali iliyonse ya denga anajambulapo malo a makona anayi, mafiti 10 uku ndi uku, n'kumazunguliza paliponse pomwe matalala anamenya. Atatsika anandionetsa zithunzi: timadontho takuda pomwe timiyala tachoka, ndipo anati akadina ndi chala pamafewa. Tizitsulo totulutsira mpweya tinali titapindikapindika, m'magata munali timiyala tambiri tokokoloka. Anavomereza kuti denga lonse lisinthidwe.

Ndalama zake zimabwera pawiri. Cheke choyamba ndi mtengo wa denga lakale atachotsapo kutha kwake ndi deductible. Chachiwiri chimatuluka ntchito ikatha, utatumiza umboni, ndipo pangano la inshuwalansi limakhala ndi malire a nthawi. Ngati nyumba ili pa ngongole, dzina la banki limalembedwanso pa cheke, nayo isainire. Ndiye taonani: inshuwalansi ikuwerenga masiku ake, banki ake, kontrakitala wabwino ali ndi mzere wa nyumba zomudikira, komiti nayonso ili ndi masiku ake. M'malamulo a dera lathu komiti ili ndi masiku 30 oti iyankhe. Pa siling'i ya kuchipinda cha ana panali patayamba kale kuoneka banga lachikasu, choncho tinayalitsa lona padenga pamwamba pa malowo. Lona sinafune chilolezo, ndipo a inshuwalansi amayembekezera kuti uteteze nyumba isawonongeke kwambiri.

Ife tinasankha ma shingle a Class 4. Pa mayeso otchedwa UL 2218 amaponya mpira wachitsulo wa mainchesi awiri kuchokera pamtunda wa mafiti 20, kawiri pamalo amodzi, ndipo shingle isang'ambike. Ndi okwererapo mtengo, ndalama zoonjezerazo zinali zathu, koma makampani ambiri a inshuwalansi amatsitsa malipiro a chaka kwa amene waika denga lotere. Pa fomu ya komiti tinalemba kampani yopanga, dzina la mtundu, kontrakitala ndi tsiku lomwe tikufuna kuyamba, n'kuphatikizapo chithunzi.

Yankho linabwera pa imelo: akana. Chifukwa chake n'chakuti malamulo athu amatchula mtundu wotuwa moderako wotchedwa Weathered Wood, pomwe omwe tinasankha, ngakhale ndi ofanana pamaso, ali ndi dzina lina.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinafotokozera mayi ena achikulire akwathu, omwe akhala kuno zaka zambiri. Anandigwira dzanja n'kunena kuti: "Mwanawe, usalimbane ndi eni dziko. Ingosintha, nkhani ithe." Ndimawalemekeza, ndipo ndikudziwa komwe mawu amenewa amachokera. Munthu wavutikira mapepala zaka ndi zaka, safuna dzina lake lizimveka m'maofesi. Koma apa panalibe kulimbana ndi wina aliyense. Panali kungowerenga, ndipo wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Mu Texas Property Code, buku la malamulo a boma la Texas okhudza malo ndi nyumba, muli ndime 202.011, yomwe inakhazikitsidwa mu 2011. Imati bungwe la eni nyumba silingakuletse kuika ma shingle opangidwa kuti apirire mphepo ndi matalala, kapena ochepetsa kutentha ndi kuzizira m'nyumba, kapena opanga magetsi a dzuwa. Chofunika n'chakuti afanane ndi omwe akugwiritsidwa ntchito kapena ololedwa m'deralo, akhale olimba kuposa amenewo ndi osachepera pa ubwino, ndiponso agwirizane ndi maonekedwe a nyumba zoyandikana. Komiti ikhoza kuweruza ngati akufanana, koma singakane chifukwa cha dzina lolembedwa pa phukusi basi.

Ndime ina ndi 209.00505, yomwe inabwera mu 2021 ndi Senate Bill 1588, ndipo imakhudza madera okhala ndi mapuloti oposa 40. Komiti ikakana, iyenera kulemba, kufotokoza chifukwa chake momveka, ndi kunena zoti usinthe ngati zilipo. Iyeneranso kukuuza kuti uli ndi masiku 30 opempha kuti bodi ya bungwe imve mbali yako. Bodi ikalandira pempho ili ndi masiku 30 oti ikhale pansi nawe, ndipo ikudziwitse tsiku kudakali masiku osachepera 10. Chomwe chinandilimbitsa mtima n'chakuti panthawiyo lamulo lomweli silinkalola membala wa bodi, mkazi kapena mwamuna wake, kapena wokhala naye nyumba imodzi, kukhalanso m'komiti. Okumva apilo sanali omwe aja anatikana.

Ndinalemba kalata yaifupi, yopanda mkwiyo, yotchula ndime ziwirizo. Tsiku la msonkhano tinanyamula zidutswa ziwiri, china chomwe kontrakitala anasenda padenga lathu lakale, china chatsopano. Tinapempha kuti tituluke nazo panja, chifukwa m'kuwala kwa magetsi mitundu imanama. Tinaziika pa tebulo la m'mbali mwa dziwe losambiramo. Bambo wina wopuma pantchito anavala magalasi, anaziyang'ana chapafupi, kenako anabwerera m'mbuyo mapazi angapo n'kuyang'ananso. Anafunsa kuti chatsopano ndi chiti. Chilolezo chinabwera cholembedwa, ndipo sitinalole msomali ngakhale umodzi ukhomedwe chisanafike.

Anthu a m'mabodi amenewa salipidwa. Ndi aneba athu omwe amapereka madzulo awo, ndipo ambiri amangotsata pepala lomwe anapeza. Sindidana ndi HOA. Ndimakonda kuti msewu wathu ndi waukhondo. Dandaulo langa ndi lakuti mndandanda wa madenga ololedwa unalembedwa kalekale ndipo palibe anaukonza, pomwe m'dera la matalala ngati lino nyumba zambirimbiri zimafuna denga mwezi umodzi womwewo. Komiti yoganizira anthu ake ikanalemberatu ma shingle olimba omwe ikuvomereza, kuti wosankha pamenepo ayankhidwe msanga. Banja lomwe madzi akulowa m'chipinda cha mwana lisamadikire mwezi chifukwa cha dzina la mtundu. Izi ndinazinena pa msonkhano wapachaka, ndipo ndidzazinenanso.

Ntchito yeniyeni inatha tsiku limodzi. Anyamata anafika kusanatenthe, ambiri olankhula Chisipanishi, n'kuyamba kusenda denga lakale ndi mafosholo. Mu Juni phula limatentha moti amagwada pa masiponji. Ikani madzi ozizira panja, ndi anthu ngati ife, nawonso ali ndi kwawo komwe amatumiza. Denga likakhala lovula, pemphani kapitawo ajambule matabwa. Pathu anapeza awiri ofumbwa pafupi ndi chumuni, ndipo shingle yabwino yokhomedwa pa thabwa lovunda siigwira. Onetsetsaninso kuti tizitsulo totchinga madzi m'mphepete mwa chumuni ndi m'makoma tasinthidwa, osati kungopakidwa penti, chifukwa madenga ambiri amadonthera pamenepo. Madzulo anayendetsa maginito pa kapinga kutola misomali. Chikwangwani cha kampani chomwe anazika pabwalo tinachizula tsiku lomwelo, popeza malamulo athu salola kuti chikhalitse. Mizinda ina imafunanso chilolezo chakechake chofolera, chosiyana ndi cha HOA, ndiye funsani ku ofesi ya mzinda wanu.

Amene muli mu condo kapena townhouse, nyumba zosanjikizana kapena zolumikizana makoma, yambani mwafufuza ngati dengalo ndi lanu. Nthawi zambiri mu condo denga limakhala la bungwe, inshuwalansi yakenso ya bungwe, ndipo Chapter 209, mutu wa malamulo momwe muli ndime 209.00505 ija, sikhudza ma condo, ali ndi lamulo lawo.

Kwa a inshuwalansi tinatumiza invoisi, zithunzi ndi umboni wa deductible kuti cheke chachiwiri chituluke, kenako chikalata chosonyeza kuti denga ndi la Class 4. Musanasainire kuchotseredwa mtengo, werengani bwino, chifukwa makampani ena amaikamo mawu oti sadzalipira ngati matalala angowononga maonekedwe koma denga silikudontha. Kalata ya chilolezo tinaisunga pamodzi ndi mapepala a nyumba. Tsiku logulitsa, bungwe limapereka chikalata chotchedwa resale certificate, ndipo mmenemo mumalembedwa ngati pali lamulo lomwe akudziwa kuti nyumbayo inaphwanya. Mabodi amasintha, makampani oyendetsa dera amasinthanso, ndipo amene adzakhalepo nthawi imeneyo adzafuna kuona pepala.