Sabuside ya mabriketi iziyezedwa pa mbaula

Anzanga a ku Lilongwe kuno, ngati boma lingathire ndalama pa mabriketi (timibulu tophikira topangidwa ndi utuchi kapena makoko) kuti tisiye makala a ku Dzalanyama, funso langa ndi limodzi: phindu lifika pa mbaula ya mayi wa ku Mtandire?

Mtengo wa pa kilo umanamiza. Opanga ena amachulutsa dothi pomanga utuchi kapena makoko a mtedza, m'malo mwa phala la chinangwa. Thumba limalemera bwino, koma phulusa limatseka timabowo ta mbaula, mpweya sulowa, moto n'kuzilala nyemba zisanapse. Mabriketi osauma bwino nawonso amafuka, maso kuwawa, kutentha kwake n'kuthera poumitsa madzi.

Yesani nokha: kilo imodzi ya mabriketi, ina ya makala, poto yemweyo wa malita 2, chivundikiro chomwecho. Onani mphindi zimene madzi atenge kuti awire, nthawi imene moto ukhalitse, ndi phulusa lotsala. Mukafinya briketi n'kusweka m'manja, musagule.

Ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027 imalimbikitsa njira zina zophikira, n'zoona. Koma sabuside ipite kwa okhawo amene katundu wawo wayezedwa ndi a bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS, ndipo azigulitsanso m'timapaketi ta kilo imodzi, poti ambiri timagula makala a tsiku limodzi.