Ndowe ya Tsumba

Popeza ena mwayamba kale kuithira mchere nkhaniyi, kuli bwino muimve kwa mwiniwakene. Inde, ndinaloza ndowe n'kumati ndi mbalame. Koma tandimvani kaye.

Munali mu Januwale 2013 ku New Jersey, kuzizira kochita kulowa m'mafupa. Mnzanga wa kuntchito anandikoka kuti tikaone mbalame yotchedwa northern lapwing. Kwawo ndi ku Ulaya ndi ku Asia, ku America imafika pokhapokha ikasochera, mphepo itaikankha mpaka kuoloka nyanja ya Atlantic. Zingapo zinatulukira namondwe Sandy atadutsa, ndiye anthu ankachoka kutali kudzaunjikana pa mpanda wa busa la ng'ombe komwe zina zinatera. Mnzangayo anandilangiza kuti ndiyang'ane msana wobiriwira monyezimira, pamimba poyera, ndi tsumba lalitali kumutu.

Nditangoika choonera patali m'maso, ndinaiona. Ili phee, tsumba lili njo! Ndinakuwa kuti, "Iyo apo!" Chikhamu chonse, ena ndi makamera aatali ngati mizinga, chinatembenukira komwe ndinaloza. Ine n'kuyamba kulongosola ngati katswiri. Ndinati yatopa ndi ulendo, n'chifukwa chake sikusuntha. Ndinati ikundiyang'ana. Misozi inalengeza, abale. Chamumtima ndinaiuza kuti limba mtima mlendo mnzanga, tonse tili kuchilendo, nanenso kuzizira kuno sindinakuzolowere. Ndinafika poifunsa ngati inasiya ana kwawo. Mphindi zisanu zathunthu tikucheza.

Kenako agogo ena aakazi anandigwira paphewa n'kundinong'oneza mwaulemu kuti imeneyo ndi ndowe, tsumbalo ndi udzu. Inkafuka nthunzi ndithu, koma ine ndinkayesa ndi mpweya wa mbalame yotopa.

Tsono tinene chilungamo. Mbalame yasochera nyanja yathunthu, anthu akuiombera m'manja. Ine ndaphonya ndi mamita khumi okha, ndasanduka choseketsa mpaka lero. Komanso ndoweyo inagwera pa chipale chofewa, ndiye pansi pake pankaoneka poyera bwinobwino. Ndipo bambo wina wa kamera yodula anaijambula kawiri konse asanazindikire. Za iyeyo bwanji simukamba?

Yeniyeniyo inauluka pamene tonse tinali kalikiliki ndi ndowe yanga. Akuti pouluka inalira kuti "pii-wit". Ine sindinamve, chipewa chinali chitatseka makutu.