Nkhanu, Kimono ndi Ine Malemu

Kimono ija, mkanjo wa chikhalidwe cha ku Japan, ndinaigula mu Januwale, pa kashopu ka zovala zakale ku Northern Quarter, kuno ku Manchester. Kunena mosabisa, ndi kaunjika yemweyu wa mumsika wa Limbe, kungoti kuno amamukoleka pa hang'ala n'kumutcha vintage, mtengo n'kufika mapaundi 45. Inali yasilika, yobiriwira, yojambulidwa mbalame za miyendo italiitali ngati akakowa. Nditadziyang'ana pagalasi ndinati basi, tauni ino yandichepera.

Wogulitsa sanandiuze kuti kimono ya akazi saisoka kukhwapa. Pamakhala mpata ndithu, ndipo mphepo inaupeza mpatawo ndisanafike n'komwe pokwerera basi. Ine ndinakulira ku Thyolo, chiperoni ndimachidziwa, koma uku kunali kuzizira kofika m'nthiti. Kuvala jekete pamwamba? Nanga anthu akanaona chiyani?

Loweruka ndinaitana mnzanga wakuntchito, wa ku Osaka ku Japan, kuti adzadye kwathu. Nsima ya nkhuku ndinaiona kuchepa. Ndinapita ku Chinatown n'kugula nkhanu ziwiri zamoyo, iliyonse kukula ngati mbale ya ndiwo, osati tinkhanu ta pansi pa miyala tinkagwira kumtsinje tija. Wogulitsa anati ndikaziike kaye mufiriza kuti zikomoke, kenaka ndiziwiritse m'madzi amchere mphindi 20. Zamufirizazo zinandimvetsa chisoni, poti kuzizira ndinali nditakulawa ndekha sabata yonse. Ndinangozisiya m'sinki zikusewera.

Ndinavala kimono yanga, madzi n'kuwira. Manja a kimono amalendewera ngati matumba, kufika m'chiuno. Nditawerama kuti ndinyamule nkhanu yoyamba ndi chipande, inzake inaona nsalu ikubwera n'kuipana, gwa! Ndinakuwa "Mayo!" n'kuyamba kukutumula mkono, koma mwini wake anangolendewera phee, timaso tili pa ine. Potembenuka, dzanja linalo la kimono linakhudza moto wa gasi. Silika akapsa amanunkha ngati tsitsi lowauka, ngati akuwawula mutu wa mbuzi. Ndinathimitsa ndi kansalu kopukutira mbale, alamu ya utsi n'kuyamba kulira. Nkhanu yoyamba ija inali itagwera pansi, ikuyenda chammbali kulowera kuseri kwa firiji.

Belu la pakhomo linalira nthawi yomweyo.

Ndinatsegula chitseko nkhanu ili lende kumkono, utsi uli tolo kumbuyo kwanga. Mnzangayo nkhanu sanaiyang'ane n'komwe. Maso ake anali pachifuwa panga, dzanja lili kukamwa.

"Wakuveka ndani?"

"Ndavala ndekha," ndinayankha monyadira. "Ndinaonera pa YouTube."

Anapuma kaye, monga amachitira munthu wobwera kudzanena uthenga wovuta. Kenaka anandifotokozera kuti kwawo mbali ya kumanzere ndiyo imakhala pamwamba. Kuika ya kumanja pamwamba, monga ndinachitira ine, ndi mmene amavekera maliro. Ine poonera kanema uja ndinkatsanzira ngati ndili pagalasi, zonse n'kutembenuka.

Ndiye kuti sabata yathunthu ndinkayendayenda m'Manchester ndili malemu. Pabasi, kuntchito tsiku lovala zakumtima kwako, ngakhale kutchalitchi komwe ndinaimba nawo kwaya.

Nkhanu anaichotsa yekha, poigwira chakumbuyo kumene zopanira zake sizifika. Anandiveka bwino, n'kutenga lamba wa gauni yanga yosambira kumangira manja aja kumsana mopingasa. Akuti chingwe chotero amachitcha tasuki, ndipo agogo ake sakanayandikira moto popanda icho. Ya kuseri kwa firiji tinaitulutsa ndi mthiko. Tinadya cha m'ma 10 koloko usiku, mawindo ali otsegula, tikunjenjemera.

Atapita ndinathamangira pa Facebook kuti ndifufute zithunzi za sabata ija. Ndinapeza amayi atalemba kale pansi pake: "Mwana wanga, waoneka ngati mngelo."