Kalata ya ubatizo yandidyera masiku anayi kwathu ku Mulanje

Kalatayo ili m'kajumbo pansi pa chikwama, ndipo sindiitulutsanso mpaka nditatsika basi ku Johannesburg. Ndilembe msanga mkwiyo usanazizire, mwina zithandiza mayi wina wa ku Joni amene mwana wake akudikira ulimbitso.

Ife tinapita ku Joni mu 2013, mwana wathu wachisamba ali ndi zaka zisanu. Anabatizidwa kuno mu 2008, pa tchalitchi chathu cha kumudzi, kufupi ndi Limbuli. Ku Joni timapemphera Misa ya Chingerezi. Kamodzi pamwezi Amalawi timasonkhana kunyumba kwa mmodzi wa ife, kupemphera kolona m'Chichewa, kenako nsima ya ufa wogula m'sitolo ndi usipa ngati wina wangobwera kumene kuchokera kumudzi. Abambo akunyumba amagwira ntchito Lamulungu lina lililonse, choncho nkhani za tchalitchi za ana zili pamutu panga. Mtsikanayu waphunzira katekisimu mokhulupirika, koma aphunzitsi ake ananena mosapsatira: popanda kalata ya ubatizo, salimbitsidwa.

Khadi lake ndinalisiya kwa amayi, m'sutikesi ya malata. Namondwe Freddy atawomba mu Marichi 2023 khoma la nyumba linagwa, sutikesi inakhala m'matope masiku angapo. Amayi anapulumuka, tithokoze Mulungu, koma mapepala onse anasanduka phala. Ndiye langizo loyamba: jambulani khadi la ubatizo pa foni lero lino, mbali zonse ziwiri, mudzitumizire pa WhatsApp. Ine ndikanatero bwenzi nkhaniyi kulibe.

Tsiku loyamba ndinapita kwa akatekisiti a pa tchalitchi chathu. Anandilandira bwino, "Matchona abwera!", natulutsa mpando. Koma mabuku a ubatizo sakhala pa nthambi, amakhala ku parishi. Anandilembera kakalata kondiperekeza, ndipo asanasaine anafunsa za mtulo. Apa ndinadabwa. Ndinati, "Abambo, ine chopereka ndimapereka kumene ndikupemphera." Iwo akuti dzina langa likadali m'kaundula wa mphakati wa kuno chifukwa popita sindinatenge kalata yosamukira. Zoona, sindinatenge. Ndani amaganiza za kalata ya tchalitchi pamene akuwerenga ndalama ya basi ndi ya pa Beitbridge? Tinakambirana, ndinapereka ya chaka chino yokha, nkhani inatha. Sindikudandaula kwambiri ndi zimenezo.

Chimene chinandiwawa ndi tsiku lachiwiri ndi lachitatu.

Ndinadzuka m'mamawa Lolemba, kabaza mpaka pamsewu, minibasi, kutsikanso, kuyenda wapansi pakati pa minda ya tiyi dzuwa likuswa mtengo. Kufika pa parishi, ofesi yotseka. Mlonda akuti Lolemba ansembe amapuma, mlembi nayenso sabwera. Palibe anandiuza, ngakhale akatekisiti amene anandiona ndikunena kuti ndipita mawa lake. Musapite Lolemba. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndikudya chinanazi chogula pamsewu, ndikuwerenga ndalama ya thiransipoti imene yapita pachabe. Chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, mitengo ya kabaza imene ndinkaidziwa ine ndi nthano chabe. Anthu akamva kuti wachokera ku Joni amaganiza kuti marandi umachita kuyoola, sadziwa kuti lendi ya chipinda ndi fizi ya ana zimatisiya manja lende.

Lachiwiri ndinabwereranso. Mlembi analipo, mayi waulemu ndithu. Anatsegula buku la 2008, kutsata ndi chala tsamba ndi tsamba, dzina osapezeka. Anatsegula la 2009, ayi. Patatha pafupifupi maola awiri ndi pamene anafunsa kuti mwanayo anabatizidwira pa tchalitchi chiti. Nditatchula, anangoti, "Aaa, mayi, nthawi imeneyo tchalitchi chimenecho chinali pansi pa parishi ina. Mabuku akale anatsala komweko." Funso limenelo likanabwera poyambirira! Ndinatuluka osatsanzika bwino, ndipo ndikuvomereza kuti ndinayankhula mawu ena panjira amene ndiyenera kukalapa.

Gwirani apa: malire a parishi amasintha, koma dzina la mwana limakhala m'buku la parishi imene inkayang'anira tchalitchicho pa chaka chimene anabatizidwa. Musanakwere chilichonse funsani akuluakulu a mpingo kuti chaka chakutichakuti ansembe ankachokera kuti.

Ndaiwala kunena za mayi wake wa ubatizo. Usiku wa Lolemba lija, amayi anandituma kwa achemwali ena a ku Chonde amene anamuimirira mwanayo. Ine ndinkaona ngati n'kutaya nthawi. Koma iwo anakumbukira kuti unali ubatizo wa nyengo ya Khirisimasi, ndiponso dzina la wansembe. Zimenezi ndi zimene zinandipulumutsa tsiku lachinayi, chifukwa ku parishi yakaleyo dzina la mwana linalembedwa mosiyana ndi la pa pasipoti. Pa pasipoti pali dzina la bambo ake, m'buku munalembedwa dzina la agogo ake aamuna a kuchikazi. Kwathu kuno kwa Alhomwe mwana ndi wa kwa mayi, ndipo amene anakalembetsa tsikulo anali amalume anga. Tinamupeza ndi dzina langa, dzina la achemwali aja, ndi mwezi. Choncho nyamulani mayina onse: la mayi, la bambo, la womuimirira, mudzi ndi mfumu.

Bambo mfumu, wansembe wamkulu wa parishiyo, anali atapita kukadwazika odwala, ndinadikira mpaka cha m'ma 3 koloko. Atabwera anamva nkhani yonse, nalemba kalata ina yaifupi m'Chingerezi yotsimikiza kuti mayina awiriwo ndi a mwana mmodzi. Pemphani zimenezi ngati mayina akusiyana, ndipo onetsetsani kuti chidindo cha parishi chadindidwa pa mapepala onse awiri, chifukwa ku Joni siginecha yopanda chidindo saiwerengera. Ndinapemphanso kalata yosamukira ya banja lonse, mochedwa ndi zaka zoposa khumi.

Ndisanatuluke pageti ndinajambula zonse pa foni, mbali zonse ziwiri, n'kutumiza kwa abambo akunyumba. Iwo anangoyankha kuti mwana akufunsa ngati ndagula chitenje cha tsiku lake.

Potsanzikana, Bambo mfumu anandikumbutsa kuti mwana akalimbitsidwa, parishi ya ku Joni iyenera kutumiza uthenga kuno kuti alembe m'buku lomwe lija, pambali pa dzina lake. Ndawauza kuti kalata imeneyo ndidzapatsira achimwene anga akamabwera mu Disembala, ndipo ndawalembera kale pa kapepala kuti asapite Lolemba.