Pini 1 yosalumikiza yatiwonongera bolodi

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse, kukonza firmware (pulogalamu ya mkati mwa chip) ndi kuyesa mabatire. Chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi cha Lachitatu.

Mabolodi atsopano a zamagetsi anabwera atatu okha, ndipo chip chake, cha Cortex-M, chimayendera 1.8V. Mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito atalumikiza J-Link, adaputa yolowetsera firmware mu chip, pa sikirini panaoneka VTref=0.000V. Anzanga mukudziwa tanthauzo lake: adaputa sikuona magetsi a bolodi, ndiye siingalankhule ndi chip. Pini 1, yomwe ndi VTref pa konekita ya mapini 10 yolumikizirapo adaputa, sinalumikizidwe kulikonse pojambula bolodi. Mnyamatayo, pofuna kuti ntchito iyende, anatenga waya n'kulumikiza piniyo ku 3.3V yochokera mbali ya USB. Adaputa inagwira, iye n'kupitiriza.

Patapita maola awiri anabwera pa tebulo langa. "Akulu, bolodi lija lasiya kuyankha."

Sindikumuimba mlandu ngakhale pang'ono. Palibe anamuuza kuti VTref sipatsa bolodi magetsi. Adaputa imangoyeza pamenepo kuti idziwe mlingo wa magetsi woyendetsera SWDIO ndi SWCLK, mapini olankhulira ndi chip. Ukaionetsa 3.3V, imaponya 3.3V pa mapini a chip cha 1.8V, pomwe datasheet ya chip chathu imalola kupitirira VDD (magetsi oyendetsa chip) ndi 0.3V basi. Magetsi owonjezerawo amadutsa m'madayodi oteteza mapini n'kukalowa mu mzere wa 1.8V. Chip chija sichinadzukenso.

Chikundiwawa ndi chakuti mwezi watha ndinapempha tsiku limodzi lokha kuti tikhale pansi tiunike schematic, chojambula cha malumikizidwe a bolodi, tisanatumize kufakitale. Mabwana anati nthawi palibe, kasitomala akudikira. Pini yolendewera ngati imeneyo munthu amaiona asanamalize tsamba loyamba. Lero mabwana omwewo akufunsa chifukwa chake tatsala ndi mabolodi awiri, ndipo m'maso akuyang'ana mnyamatayo. Ndawauza poyera kuti cholakwa chinachitika kale iye asanagwire waya.

Lachinayi ndinawotcherera kawaya kuchoka pa pini 1 kupita ku VDD yeniyeni ya chip pa mabolodi otsalawo, osati ku regulator ina iliyonse yapafupi. Sikirini inaonetsa pafupifupi 1.8V, firmware n'kulowa popanda vuto. Kenako ndinakhala ndi mnyamatayo tikuyeza pini iliyonse ndi multimeter, GND ndi nRESET zomwe, mpaka anafotokoza yekha ntchito ya VTref.

Lachisanu ndinalemba zoyenera kusintha pa bolodi lotsatira. Tsiku lounika schematic sanandiyankhebe.