Majarini osungunuka pa msewu wa Ku Chawe

Kuchokera ku Limbe kufika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 60 pa msewu wa M3, kudzera pa Namadzi ndi pa Thondwe. Tinayenda atatu, tonse a ntchito za mankhwala, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Potsika pa depoti, majarini opaka buledi amene tinanyamula m'chitini anali atasanduka mafuta. Tinakwera msewu wokhotakhota wa Ku Chawe, anyamata akutiitanira masitiroberi m'mbali mwa msewu, ndipo kumtunda tinaviika chitinicho m'madzi ozizira a mtsinje wa Mulunguzi. Majarini aja anagwirananso.

"Achimwene, nkhani yonse ya liposome ili m'chitinimu," anatero wamkulu wa ife, akukhala pamwala.

Ankanena za timatumba ta mafuta, kukula kwake ma nanometre pafupifupi 100 (tochepetsetsa, tosaoneka ndi maso), timene amaikamo doxorubicin. Mankhwala ofiirawa amapha khansa koma amafoola mtima, n'chifukwa chake madokotala salola kuti onse amene munthu walandira pa moyo wake apitirire 450 mpaka 550 mg pa square metre ya thupi. Kuwatsekera m'katumba si zachilendo. Doxil, doxorubicin wotsekeredwa m'katumba kotere, inavomerezedwa ku America mu 1995 pochiza Kaposi sarcoma, khansa imene kuno kwathu timaidziwa bwino. Vuto lake n'lakuti katumbako kamaumira, kamatulutsa mankhwala pang'onopang'ono.

Pofuna kuthana ndi vutoli, akatswiri anapanga katumba komvera kutentha. Khoma lake ndi mafuta otchedwa DPPC, amene amasungunuka pa 41 °C. Thupi limakhala pa 37 °C, choncho m'magazi kamayenda kotseka, n'kukatseguka pokhapo pamene dokotala watenthetsa. Wasayansi wina dzina lake Yatvin ndi anzake analemba za nzeruyi mu 1978. Kenako David Needham wa ku Duke University anawonjezera mtundu wina wa mafuta wotchedwa lysolipid, pafupifupi magawo 10 pa 100, ndi PEG, chinthu chokutira katumbako kunja, pafupifupi magawo 4. Lysolipid imatsegula timabowo khoma likayamba kusungunuka, mankhwala n'kutuluka m'masekondi ochepa. Doxorubicin wa m'katumba kotereka ndiye amatchedwa ThermoDox.

Kapangidwe kake kamafuna dzanja lodekha. Mafuta aja amawasungunula mu chloroform, mankhwala amadzimadzi osungunulira mafuta, n'kuwaumitsa kuti asale ngati kakhungu m'botolo. Amathiramo citrate, madzi a asidi a pH 4 (pH ndi muyeso wa asidi), wotentha pafupifupi 55 °C, n'kukankha zonsezo kangapo pa sefa ya mabowo a ma nanometre 100. Sefayo ikazizira kutsika pansi pa 41 °C, mafuta amauma n'kuitseka, mofanana ndi majarini athu m'Mulunguzi. Akatero amachepetsa asidi wa kunja kwa timatumba, pH n'kukwera kufika pafupifupi 7.4, ndipo doxorubicin imalowa yokha n'kukodwa m'kati. Apa moto uchepe, osapitirira 37 °C, apo ayi timabowo timatseguka, asidi wa m'kati n'kutayika.

Tikutsikira ku damu, nkhungu itayamba kuphimba mitengo ya paini, nkhani inafika povuta penipeni, pa kutenthetsa chotupa. Chimafunika kukhala pakati pa 40 ndi 42 °C nthawi imene mankhwala adakali ambiri m'magazi. Dripi yake ndi ya mphindi 30, 50 mg pa square metre. Mukachedwa, mapuloteni a m'magazi amakhala atachotsa lysolipid ndipo timatumba tadontha kale. Mukapyoza kwambiri 43 °C, timitsempha ta m'chotupa timayamba kutsekeka, timatumba sitifikako. Pafupi ndi mtsempha waukulu nayo ndi nkhani ina: magazi amathawitsa kutentha ngati madzi aja anaziziritsira chitini.

Umboni wa pa anthu ngwosakanikirana, ndipo ife sitikuona chifukwa chouphimbira. Kafukufuku wa HEAT, wa odwala 701 a khansa ya chiwindi amene ankawotchedwa chotupa ndi singano yotenthetsa ndi mafunde a magetsi (radiofrequency), sanaonetse phindu mu 2013. Wotsatira wake, OPTIMA, nayenso sanaonetse phindu ndipo anaimitsidwa. Ku Oxford, odwala 10 anatenthetsedwa ndi focused ultrasound, mafunde a phokoso olunjikitsidwa pa chotupa, ndipo zotsatira za mu 2018 zinaonetsa doxorubicin wochuluka m'chotupa kuwirikiza 3.7 poyerekeza ndi chisanatenthetsedwe. Mankhwala amafikadi, koma kufika si kuchiza. ThermoDox sinavomerezedwe kulikonse, ndiye wina akakuuzani kuti ali nayo, mumukayikire. Nayonso botolo la madzi otentha pamimba silitenthetsa chiwindi.

Tinatsika phiri cha m'ma 5 koloko, tinagula mbatata ya kachewere m'njira. Pofika kumsika wa Zomba, chitini chija chinali chitayambanso kudontha m'chikwama.