Mufunseni kaye mwini wakeyo

Abale nkhani iyi imandiwawa kwambiri. Khoti likangopereka munthu wa ulumali wa mu ubongo m'manja mwa gadiyani, ambiri amaona ngati basi zatha, gadiyaniyo azingosainira chilichonse, mankhwala, opaleshoni, kokhala, ndalama zake, ena mpaka kumutseketsa kubereka mwini wake osadziwa nkomwe. Ayi ndithu uku nkulakwa. Pangano la UN la 2006 la ufulu wa anthu aulumali, gawo 12, likuti naye ndi munthu pamaso pa malamulo, athandizidwe kuti asankhe yekha, ndipo gawo 23 likuteteza kubereka kwake. Inu magadiyani, mufotokozereni pang'onopang'ono, olo ndi zithunzi, akakana mumvereni. Makhoti nawonso aziunikanso zigamulo zotere pafupipafupi, osangomusiya munthu choncho moyo wake wonse.